Mlonda wa m'diso akatopa

M'mipingo ya ku Thyolo tonse timawadziwa amayi ndi abambo achikulire amene adathyola tiyi zaka makumi atatu, koma lero amangofumbata buku la nyimbo osalitsegula. Ena adaleka n'kubwera komwe ku mapemphero chifukwa tinjira ta pakati pa minda sakutionanso. Tikawayang'ana m'maso timapeza mwana wa diso atayera mbuu. Imeneyo ndi ng'ala. Ambiri a ife timathamangira kufunsa kuti wawalodza ndani, chonsecho nkhani yonse ili m'diso momwemo.

Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kofewa kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti tione bwino. Chodabwitsa n'chakuti pakatikati pake padaumbika tili m'mimba mwa amayi athu, ndipo mapuloteni a pamenepo salowedwa m'malo ndi ena. Khungu limafundula, magazi amapangika atsopano, koma gogo wa zaka 80 akuonerabe mapuloteni amene adabadwa nawo. Mulibe mtsempha wa magazi m'kagalasika; chakudya kamalandira kuchokera ku timadzi tokazungulira.

Chinthu chokhalitsa chotere chimafuna mlonda. Mpweya, kuwala kwa dzuwa ndi utsi zimadya mapuloteniwo pang'onopang'ono monga dzimbiri lidyera khasu. Cholimbana ndi dzimbiri limeneli ndi zimene madokotala amati ma antioxidant. Wamkulu mwa iwo ndi glutathione, amene kagalasiko kamadzipangira kokha cha m'mphepete, ndipo amathandizana ndi vitamini C, amene m'timadzi ta m'diso ndi wochuluka koposa m'magazi. Koma munthu akapitirira zaka 40, glutathione uja amayamba kuvutika kufika pakatikati, pamene pali mapuloteni akale kwambiri. Mapuloteniwo amagwirana n'kuchita chifunga, monga madzi a dzira ayerera akafika pamoto.

Apa ndi pamene nkhani ya Thyolo imatigwira mtima. Tsamba limene limathyoledwa ku Satemwa, Conforzi, Makandi kapena Naming'omba limatamandidwa kunja chifukwa cha ma antioxidant omwewo. Koma wothyola amatandala padzuwa, dengu kumsana, ndipo madzulo mayi amaweramiranso pa mafuwa m'khitchini yodzadza utsi. Abambo ena amaonjezerapo chingambwe. Zonsezi, pamodzi ndi matenda a shuga, zimafulumizitsa ng'ala.

Kodi tsono tingomwa tiyi wambiri, kapena kugula mabotolo a mavitamini amene akutsatsidwa m'misika? Tisanyengedwe. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa AREDS, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2001, adapeza kuti mapiritsi amphamvu a vitamini C, vitamini E ndi beta-carotene sadachepetse ng'ala. Tiyi nayenso palibe umboni wokwanira woti amailetsa. Ife tikuona kuti ndalama imeneyo ndi bwino igule magwafa, mapapaya, malalanje ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi nkhwani, pakuti anthu odya zotere amaoneka kuti ng'ala imachedwa kuwafika. Chipewa cha khonde, kuleka fodya, kuphikira pamalo popita mphepo ndi kuyezetsa shuga n'zothandizanso. Izi zimangochedwetsa, ukalamba suthawika.

Ng'ala ikakhwima, palibe tsamba, dontho kapena piritsi loisungunula. Madzi a zitsamba othira m'maso ndiwo aonongeratu maso ambiri amene akadachira. Kafukufuku wa Dr Khumbo Kalua ndi anzake m'chigawo cha kummwera, wofalitsidwa mu 2011, adaonetsa kuti mwa anthu osaona a zaka 50 kupita m'tsogolo, pafupifupi theka adali a ng'ala. Ndiye kuti ambiri mwa iwo akhala mumdima ndi vuto lochizika.

Mankhwala ake ndi opaleshoni. Dokotala amachotsa kagalasi kachifunga n'kuikamo kena kapulasitiki, luso limene Harold Ridley adaliyamba ku London mu 1949. Kawirikawiri ntchitoyi siposa theka la ola, ndipo wodwala sagonekedwa tulo. Amangomuchititsa dzanzi diso. Poyambira ndi pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, kumene angapime ndi kutumiza wodwala ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi woperekeza ndi ndalama ya minibasi, ndipo apa amvano ndi mabungwe a achinyamata angathe kusonkherana. Agogo ambiri amaopa kuti diso lidzatulutsidwa. Tiwafotokozere mofatsa kuti diso limakhala m'malo mwake, ndipo bandeji imachotsedwa m'mawa mwake.