Tuzilombo tosamva mankhwala tupha makanda m'zipatala

Mai aliyense amene apita ndi mwana ku cipatala amayembekezera kubwerera kunyumba ndi mwana wocira, ndipo ambiri amabwereradi ali okondwa. Koma pali ana ena, makamaka makanda obadwa masiku asanakwane, amene amalowa m'wodi ndi bvuto limodzi nkutengeramo matenda ena oopsa kuposa amene anabwera nao. Coipa kwambiri ncakuti tuzilombo twambiri toyambitsa matenda amenewa situmvanso mankhwala amene adotolo akhala akudalira kwa zaka zambiri.

Bvutoli lili m'maiko onse, koma lakula kwambiri kuno ku Africa. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya adotolo ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'caka ca 2019 cokha, anthu 1.27 miliyoni anafa pa dziko lonse cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala. Pa anthu asanu alionse amene anafa, mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu.

Zimene anapeza ku UTH

Kuno kwathu ku Zambia, akatswiri anapima makanda 313 amene anali kuganiziridwa kuti ali ndi matenda a m'magazi m'wodi ya makanda odwala kwambiri pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, m'zaka za 2013 ndi 2014. Mwa makanda amenewa, 103 anapezeka ndi tuzilombo m'magazi mwao. Pa makanda anai alionse amene anapezeka ndi tuzilombo, atatu anali ndi kacilombo kamodzimodzi kochedwa Klebsiella. Atayesa tuzilombo utu ndi mankhwala oyambira kuciza nao makanda, monga penicillin, ampicillin ndi gentamicin, anapeza kuti kuposa 9 pa 10 situnali kufa. Pa makanda 100 alionse a m'kafukufukuyu, 43 anamwalira.

Anansi athu nawonso ali m'bvuto lomweli. Pa cipatala ca Queen Elizabeth Central ku Blantyre m'dziko la Malawi, Klebsiella yokana mankhwala amphamvu a mtundu wa ceftriaxone inali pafupifupi 12 pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 inali itapitirira 90 pa 100. Ku South Africa, makanda 22 anamwalira ndi Klebsiella pa cipatala ca Mahatma Gandhi Memorial ku Durban mu 2005. Pa cipatala ca Tembisa, pafupi ndi Johannesburg, makanda 10 anamwalira mu Novembala ndi Disembala 2019. Wodi ya kumeneko inali ya mabedi 44, koma nthawi zambiri inali kusunga makanda pafupifupi 90.

Kodi kacilombo aka kamacokera kuti?

Klebsiella imakhala m'matumbo mwa anthu ambiri, akulu ndi ana omwe, popanda kuwadwalitsa. Imatuluka ndi cimbudzi, ndipo imakonda malo onyowa monga masinki, mabeseni, nsalu zokolopera pansi ndi timapaipi tokokera makhololo. Kucoka pamenepo imayenda pa manja. Munthu amene wasintha thewera la mwana mmodzi nkukagwira mwana wina osasamba m'manja, wanyamula kale kacilomboko, kaya akhale dotolo, namwino, mai kapena agogo obwera kudzaona.

Mwana wathanzi ali ndi khungu lolimba ndi citetezo ca m'thupi cimene cimatsekera tuzilombo kunja. Khanda lobadwa miyezi isanu ndi iwiri lilibe zonsezi. Khungu lake ndi lopyapyala, mcombo ukali cilonda, ndipo kuti likhale ndi moyo liyenera kuikidwa dripu m'mtsempha, kapaipi kodyera m'mphuno, mwina ndi kena kothandiza kupuma. Zipangizo zimenezi zimapulumutsa moyo, komanso ciliconse ndi khomo limene kacilombo kangalowerepo mpaka kufika m'magazi, m'mapapo kapena m'bongo. Ana okulirapo amene ali pa ngozi yomweyi ndi aja operewera zakudya m'thupi, opsa ndi moto kapena madzi otentha, opangidwa opaleshoni, ndi odwala khansa kapena HIV. Mwana akakhalitsa m'wodi, ngozi nayo imakula. Makanda awiri kapena atatu akagonekedwa pa bedi imodzi, namwino mmodzi nkumasamalira ana makumi angapo, madzi nkusowa pa pompi, kacilombo kamafalikira wodi yonse m'masiku ocepa.

Cifukwa cake mankhwala aleka kugwira nchito

Anthu ambiri amaganiza kuti thupi la munthu ndilo limazolowera mankhwala. Si tero. Tumene tumasintha ndi tuzilombo. Mankhwala a mtundu wa antibiotic akalowa m'thupi amapha tuzilombo tofooka, koma ngati pali kamodzi kamene kali ndi njira yodzitetezera, kamatsala ndi malo onse nkuyamba kuswana. Pamalo abwino mabakiteriya amagawika pawiri pa theka la ola lililonse kapena kucepera apo, motero usiku umodzi ndi wokwanira kuti kamodzi kabale mamiliyoni.

Klebsiella yambiri ya m'zipatala imapanga madzi ake ochedwa ESBL, amene amaduladula penicillin ndi ceftriaxone mankhwalawo asanagwire nchito. Ndiponso tuzilombo tumapatsirana luso limeneli, ngakhale tukhale twa mitundu yosiyana. Cotero pamene antibiotic igwiritsidwa nchito kawirikawiri, mpamenenso tuzilombo tosamva mankhwala tumaculuka. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anacenjeza kale za zimenezi mu 1945, kuti kumwa mankhwala ocepa osakwana mlingo kudzaphunzitsa tuzilombo kuwakana.

Mankhwala oyamba akakanika, adotolo amatembenukira ku ena monga meropenem. Awa ndi odula kwambiri, amaperekedwa kudzera m'mtsempha basi, ndipo sapezeka m'zipatala zonse. Tsopano kwabwera Klebsiella ina yokana ngakhale meropenem, ndipo ndiyo inapha makanda a ku Tembisa aja. Zikafika apo pamatsala mankhwala owerengeka, monga colistin, amene angaononge impso. Kuti dotolo adziwe mankhwala oyenera, magazi a mwana ayenera kupita ku labu kuti tuzilombo tumere ndi kuyesedwa, ndipo nchito imeneyi imatenga masiku awiri kapena atatu. Khanda lodwala kwambiri nthawi zina silifika tsiku lacitatu.

Njira zochipa zinapulumutsa ana

Nkhani yolimbikitsa inacokeranso ku UTH komweko. Pakati pa 2015 ndi 2017, m'wodi ya makanda anayesa njira zisanu zosafuna ndalama zambiri. Anaphunzitsa anchito za ukhondo, anali kuwatumizira mauthenga a pa foni owakumbutsa, anaika mankhwala a spirit opaka m'manja opangidwa konkuno, analimbikitsa kuyeretsa wodi ndi zipangizo, ndipo makanda olemera makilogalamu 1.5 kapena kuposa anali kupukutidwa thupi ndi mankhwala a chlorhexidine kamodzi pa mlungu. Imfa za makanda okhala m'wodi masiku angapo zinatsika kucoka pafupifupi 24 pa 100 kufika pa 18 pa 100.

Nzeruyi si yatsopano. Mu 1847, dotolo wina wa ku Vienna dzina lake Ignaz Semmelweis analamula kuti adotolo azisamba m'manja ndi madzi a chlorine asanagwire azimai ocira, ndipo imfa m'wodi yake zinatsika kwambiri. Boma la Zambia nalo linakhazikitsa dongosolo la zaka khumi, kuyambira 2017 mpaka 2027, lolimbana ndi tuzilombo tosamva mankhwala kwa anthu, ziweto ndi malo okhala.

Zimene makolo angacite m'wodi

Mai kapena wina aliyense wodikirira mwana ayenera kusamba m'manja ndi sopo asanagwire mwana, asanayamwitse kapena kufinya mkaka, atasintha thewera, ndiponso atacoka ku cimbudzi. Zikhadabo zikhale zazifupi. Foni nayo imanyamula tuzilombo, motero woigwira asambenso. Kholo lili ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati wanchito wapaka mankhwala m'manja asanagwire mwana, ndipo namwino wodziwa nchito yake sakwiya ndi funso lotere.

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo azimai a m'wodi amathandizanadi. Koma pano cikondi ceniceni ndico kusabwerekana makapu, masupuni, matewera, zitenje ndi mabulangete, ndi kusanyamula khanda la mnzako usanasambe m'manja. Acibale nawo asakhumudwe akabwezedwa pa khomo la wodi. Lamulo locepetsa alendo linaikidwa cifukwa ca makandawo.

Mkaka wa m'mawere, makamaka uja woyamba wacikasu, uli ndi citetezo cimene palibe sitolo ingagulitse. Kuika khanda pa cifuwa ca amake khungu ndi khungu, njira imene amati kangaroo, kumalifunditsa ndi kucepetsa matenda, ndipo mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti kwa makanda obadwa masiku asanakwane njirayi iziyamba atangobadwa. Dripu isagwidwegwidwe. Pamalo pamene yalowera pakafiira, kutupa kapena kunyowa, namwino auzidwe nthawi yomweyo. Pa mcombo pasaikidwe phulusa, mafuta, paudala kapena mankhwala acikuda.

Zizindikiro zoopsa

Matenda a m'magazi mwa khanda amathamanga kwambiri. Zizindikiro zake ndi kukana kuyamwa, kutentha thupi kapena kuzizira kwambiri, kupuma mofulumira kapena mobuula, cifuwa kulowa m'kati popuma, kulefuka ndi kugona kosadzutsika, kukomoka, kutupa mimba, ndi mafinya kapena kufiira pa mcombo. Matendawa angaonekere ngakhale mwana atatuluka kale m'cipatala. Zikatero makolo asadikire kuti kuce. Apite naye msanga pamodzi ndi khadi lake, ndipo auze anchito kuti mwanayo anagonekedwa posacedwa ndi mankhwala amene analandira, cifukwa zimenezi zimathandiza dotolo kusankha bwino.

Nkhondo iyambira ku komboni

Tuzilombo tosamva mankhwala situbadwira m'cipatala mokha. M'makomboni ambiri anthu amagula makapisozi a Amoxil kapena mapiritsi a Septrin awiri atatu pa kantemba kapena pa msika, popanda cikalata ca dotolo. Ena amasunga otsala kuti adzapatse mwana wina akadzadwala. Cimfine ndi kutsegula m'mimba kwambiri kwa ana kumayamba ndi mavairasi, amene antibiotic siwapha. Mwana wotsegula m'mimba afunika madzi a ORS ndi zinc. Oweta nkhuku kuseri kwa nyumba amene amathira antibiotic m'madzi a nkhuku zosadwala nawonso amaweta tuzilombo tosamva mankhwala, tumene tumafika kwa anthu kudzera m'zitosi ndi nyama. Mai woyembekezera angakhale natwo m'matumbo osadziwa, nkupita natwo ku wodi yocirira.

Antibiotic iyenera kumwedwa pokhapo wanchito ya zaumoyo walemba, pa mlingo ndi masiku amene wanena, ndipo igulidwe ku famasi yobvomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA. Katemera nayenso ndi cida cacikulu. Kuyambira 2013 ana a m'Zambia amalandira katemera wa cibayo ndi wa rotavirus pa sikelo, ndipo mwana wosadwala safuna antibiotic kapena bedi ya m'cipatala. Kupita ku sikelo ya azimai apakati kumathandiza kupeza msanga mabvuto amene amabadwitsa mwana masiku asanakwane.

Zonsezi sizitanthauza kuti makolo aziopa cipatala. Kucirira kunyumba kapena kuthawitsa mwana m'wodi asanamalize mankhwala ndi koopsa koposa, pakuti khanda lodwala matenda a m'magazi silingacire popanda nyeleti ndi cisamaliro ca anamwino. Cofunika ncakuti aliyense wolowa m'wodi ya ana, wobvala yunifomu kapena citenje, ayambe wasamba m'manja ndi sopo.