Agogo Akhoza Kudwala Kwambiri Thupi Osatentha

M'sewero lija la pa wailesi munamva za agogo amene anayamba kubwebweta usiku, kukana nsima ndi kumangogona. Mpongozi wawo atawagwira pamphumi anati, "Thupi silikutentha, ndi ukalamba chabe." Patapita masiku atatu anawatengera kuchipatala, kumene anawapeza ndi chibayo chachikulu. Kodi chinalakwika n'chiyani?

Amayi, inu munazolowera kuti mwana akadwala thupi limatentha. Kwa wokalamba zimasiyana. Chitetezo cha m'thupi mwake ndi chofooka, choncho akhoza kukhala ndi chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo thupi lili lozizira bwinobwino. Anamwino amaziona kawirikawiri m'nyumba zosungiramo okalamba za ku Britain ndi America, kumene chibayo chimapha okalamba ambiri. Kwathu kuno agogo timawasunga pakhomo, ndiye woyamba kuona zizindikiro ndinu.

Yang'anani izi:

1. Kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, kubwebweta kapena kusinza kwambiri.
2. Kupuma mofulumira. Werengani kwa mphindi imodzi ali chigonere. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Kukafika ka 25, musadikire.
3. Kukana chakudya ndi madzi, ndi kukodza pang'ono.
4. Kugwa, kulephera kudzuka kapena kudzikodzera pamene kale sankatero.

Matenda amene agogo ali nawo kale amawonjezera ngozi. Odwala shuga, mtima, chifuwa chachikulu kapena amene ali ndi kachilombo ka HIV amafooka msanga. Amene anafa ziwalo amatsamwa, ndipo phala likalowa m'mapapo limayambitsa chibayo. Amene sadzuka pamphasa amatuluka zilonda m'chiuno ndi m'zidendene, m'mene tizilombo timalowera.

Mukaona chizindikiro ngakhale chimodzi, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Uzani adokotala mmene analili sabata yatha ndi chimene chasintha. Musayambe mwagula makapisozi pagolosale.

Pakhomo, adyetseni atakhala tsonga, apatseni madzi pafupipafupi, ndipo ngati sadzuka atembenuzeni maola awiri alionse. Mwana wa chimfine asagone ndi agogo mpaka atachira.

Kumbukirani: agogo akayamba kubwebweta si ufiti ayi. Ndi wodwala amene akufunika chipatala msanga.