Magemu opanda loko: zoyenera kudziwa musanagule

Kwa ogula magemu a pakompyuta mu Blantyre ndi Limbe, vuto ndi lakuti magemu ena ali ndi loko wofuna intaneti kuti atseguke, zomwe zimatha bandulo.

Sitolo ya pa intaneti ya GOG, yomwe inayamba mu 2008 m'dziko la Poland, imagulitsa magemu opanda loko. Wogula amatsitsa gemu kamodzi n'kuisunga pa fulashi.

Posankha, nkofunika kuonetsetsa zomwe zilimo. Mwachitsanzo, gemu ya The Witcher 3 ya mu 2015 inatulukanso mu 2016 itaphatikiza zigawo ziwiri zoonjezera.

Komabe, lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa kukopera ndi kugulitsa magemuwa popanda chilolezo cha eniake.