Ana a Sukulu ndi Phunziro la Ngaka

M'sukulu zambiri za m'Malaŵi muno muli magulu a ana ophunzira za nyama za kutchire, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba m'chaka cha 1947. Gulu lotere limapindula koposa likasankha nyama imodzi n'kuiphunzira mozama chaka chathunthu, kusiyana ndi kungoloŵeza maina a nyama zambirimbiri. Kwa ana a pa Neno Boma, nyama yoyenera kuyambira ndiyo ngaka.

Ngaka ilibe mano. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe, zimene imazinyambita ndi lilime lake lalitali, lomata. Imayenda usiku ndi miyendo yam'mbuyo, yakutsogolo ili m'malere, ndipo masana imagona m'una wokumba nyama zina. Ikaopsedwa imadzipinda ngati nkhata, mamba ake n'kusanduka chishango. Mkango umavutika nayo, koma munthu amangoitola. Yaikazi imaswa mwana mmodzi yekha pa chaka, choncho ngaka zikayamba kutoledwa sizichedwa kutha m'dera.

Popeza nyamayi sioneka wamba, ana amaiphunzira poona zizindikiro: mapazi aŵiri okha ndi mkwasa wa mchira pa dothi, ndiponso pamene yafukula nyerere. Zonsezi amalemba m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi malo, kenaka n'kukafunsa agogo ao kumene ngaka zinkapezeka kale.

Apa mpamene phunziro limakula. Mwana amazindikira kuti ngaka imadalira nyerere ndi chiswe, ndipo izi zimadalira masamba ndi mitengo yogwa. Tsono akaona matumba a makala pa Zalewa, kapena lupsa m'nkhalango ya Tsamba, amadziŵa kuti chikupsa ndi nkhokwe ya ngaka.

Amaphunziranso lamulo. M'chaka cha 2016 maiko adagwirizana zoletsa malonda a ngaka pakati pao, ndipo kuyambira 2017 munthu wopezeka nayo m'Malaŵi angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Chonsecho mamba amene ogula amaŵafunawo ndi opangidwa ndi chinthu chimodzimodzi ndi zikhadabo za munthu, ndipo sachiza matenda.

Mwana wodziŵa izi akamva kuti m'mudzi mwatoledwa ngaka, amauza aphunzitsi kapena amfumu kuti adziŵitse a Dipatimenti yoona za nyama za kutchire. Potero amapulumutsa ngakayo, mwinanso kholo lake lomwe ku ndende.