Amasunga mbiri ya odwala, koma simudzawaona

Amayi, buku la kuchipatala likanyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe, mukudziwa zimene zimachitika. Adokotala amayambiranso kufunsa zonse: munayamba liti mankhwala, ndi ati, anakusinthiranipo? Kwa munthu amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, kuiwala yankho limodzi kungathe kumubwezera m'mbuyo.

Vuto ngati limeneli ndi limene linabala pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa OpenMRS. Inayamba mu 2004, pamene a Regenstrief Institute a ku Indiana, m'dziko la America, anagwirizana ndi a Partners In Health kuti apange njira yosungira mbiri ya odwala. Inayamba kugwira ntchito mu 2006 ku Eldoret, m'dziko la Kenya. Kuno kwathu, a Abwenzi Pa Za Umoyo amaigwiritsa ntchito ku Neno, ndipo mu 2017 msonkhano waukulu wa anthu a OpenMRS unachitikira ku Lilongwe.

Pulogalamuyi sigulitsidwa. Aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuona mmene inalembedwera, ndi kuikonza kuti igwirizane ndi chipatala chake. Ena mwa oisamalira amalipidwa ndi mabungwe awo, koma ambiri ndi ongodzipereka, amene amagwira usiku ataweruka kuntchito. Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu wosalipidwa simungamuopseze kuti mumuchotsa ntchito. Akaona kuti palibe amene akumuona, satsanzika, amangosiya kubwera. Inu amene munazondapo odwala m'mudzi miyezi ingapo popanda wonena zikomo, simufunika kukufotokozerani.

Ndiye anthu a OpenMRS anakonza makwerero. Wolemba mapulogalamu amene wangofika kumene amayambira pansi. Akayamba kuphunzira ndi kukonza timavuto ting'onoting'ono amakwera, mpaka sitepe ya 5, ya amene akutsogolera anzawo. Chimene chimandisangalatsa ine n'choti kukwerako sikuyang'ana luso lokha. Amaonanso ngati munthuyo amathandiza anzake, kuyankha mafunso awo ndi kuunika ntchito zawo. Katswiri wodzikonda safika pamwamba. Komanso kachidutswa kalikonse kamene munthu wakonza kamalembedwa ndi dzina lake ndi tsiku, moti patapita zaka mungathe kudziwa amene anagwira.

Kuitana atsopano nako ali ndi njira yake. Sangonena kuti "bwerani mudzatithandize" n'kumusiya mlendo ali chilili. Amasankhiratu ntchito zopepuka n'kuziika chizindikiro kuti izi ndi za oyamba kumene. Mlendo amatenga imodzi, wina wodziwa amaiona ndi kumuwongolera. Kuyambira 2007 akhala akulandiranso achinyamata kudzera mu Google Summer of Code, kumene wophunzira amapatsidwa mlangizi ndi kangachepe kwa miyezi ingapo.

Si onse amene amalemba mapulogalamu. Pakufunika omasulira mawu, oyesa ngati zinthu zikuyenda, olemba malangizo, ndi anamwino onena kuti fomu iyi ikutichedwetsa pamzere wa odwala.

Ngati muli ndi mwana kapena mdzukulu amene akuphunzira za makompyuta, kaya ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuni, muuzeni dzinali akabwera patchuthi. Safunika kalata yomuvomereza kapena ndalama yolowera. Pakufunika kompyuta, intaneti, ndi kulimba mtima kuti adzitchule dzina n'kupempha ntchito yoyamba.