Nthaka ya ku Kafue siinagone

Mukaima pa mlatho wa Kafue ndi kuyang'ana kumadzulo, muona dambo lalikulu losalala ngati mphasa, kumene ng'ombe zimadya msipu madzi akaphwa. Tembenukirani kum'mawa: mtsinje womwewo ulowa m'mapiri ndi kutsika mamita oposa 500 usanathire mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Kodi zinatheka bwanji?

Akatswiri a miyala atiuza kuti chikhungwa cha dziko lapansi n'chosweka ngati mapale a mphika. Mapale akuluakuluwa akhala pamwamba pa miyala yotentha, ndipo amasuntha pang'onopang'ono monga mmene chikhadabo chimakulira. Akagundana, mapiri amatumphuka. Akapatukana, nthaka ya pakati imatitimira, pakhala chigwa.

Mu 1912, Alfred Wegener wa ku Germany ananena kuti kale Africa ndi South America anali ophatikana. Anzake anamuseka. Anavomera m'zaka za m'ma 1960 atayesa pansi pa nyanja zamchere, mwiniwake atamwalira kale.

Kwathu kuno Africa ikung'ambika. Nyanja za Tanganyika ndi Malawi zili m'ming'alu yotere, ndipo zigwa za Luangwa ndi Zambezi zinatitimira momwemo kalekale. Chigwa cha Zambezi chitatsika, Kafue anakumba mpata m'matanthwe pofuna njira. Pa mpatapo ndi pamene ZESCO ipangira malaiti kuyambira m'ma 1970. Akasupe otentha a Gwisho ku Lochinvar ndi a Chinyunyu pa msewu wopita ku Chipata ndi mboni kuti ming'alu ilipo: madzi a mvula amatsikiramo, natentha, nabwerera kumtunda.

Nanga ife alimi zitikhudza bwanji? Miyala ikatsetsereka pa mng'alu, timamva chivomezi. Mu December 2009 ku Karonga, Malawi, nyumba zambiri zinagwa ndipo anthu anafa. Choncho pomanga nyumba ya banja kapena tchalitchi cha kumudzi, musaumire simenti pa maziko, ndipo mangani lamba wa konkire ndi zitsulo kuzungulira pamwamba pa mazenera. Nthaka ikagwedezeka muli m'nyumba, bisalani pansi pa tebulo. Ngati muli panja, talikirani zipupa ndi nthambo za malaiti.

Chinanso abale: khoma likang'ambika ndi chivomezi, tisathamangire kuloza chala nkhalamba ya pamudzi kuti ndi mfiti. Nthaka inayamba kusuntha agogo athu asanabadwe.