Kodi mumadziwa? Duwa la pabwalo limene limalimbana ndi khansa ya m'mapapo

M'mabwalo a nyumba ku Senga Bay ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ku Salima mumamera kaduwa koyera kapena kofiirira, kamasamba onyezimira, kosaopa mchenga ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Kwawo ndi ku Madagascar, ndipo asayansi amakatchula kuti Catharanthus roseus.

M'zaka za m'ma 1950, Robert Noble ndi Charles Beer ku Canada ankafufuza ngati masamba ake angathandize odwala matenda a shuga. M'malo mwake anapeza vinblastine, mankhwala olepheretsa maselo kuchulukana. Selo likamagawikana limayala timaulusi tokokera mbali ziwirizo, ndipo mankhwalawa amasokoneza timaulusito. Maselo a khansa, poti amagawikana mosapumira, ndiwo amakhudzidwa kwambiri.

Ku France, gulu la Pierre Potier linapanga mankhwala a vinorelbine kuchokera ku chomera chomwechi, ndipo mu 1989 anavomerezedwa kuti azithandiza odwala khansa ya m'mapapo. M'bale wake vincristine amaperekedwa kunonso ku Malawi, monga pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kwa odwala khansa ya Kaposi sarcoma ndi ana odwala khansa.

Koma wina asathamangire kuwiritsa masambawa mumphika. Chomerachi n'chapoizoni, ndipo galamu imodzi ya vinblastine imafuna makilogalamu mazanamazana a masamba ouma. M'malo modzichiza ndi masambawa, chifuwa chosatha, makamaka kwa osuta fodya, n'chofunika kukapimitsa kuchipatala, komwe amayezanso TB.